Mwala wa a Stephano

Nyumba yathu ili pamwamba pa chitunda, pamalo pamene munthu wanzeru sakanamangapo. Mphepo ya kumapiri a Ntchisi imayamba yafika pakhomo pathu isanapite kwa wina aliyense, ndipo madzi ali kumunsi kudambo, ulendo woti ukafika nawo pamwamba khosi lauma gwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukwera chitunda chimenechi ndi ndowa pamutu. Chifukwa chake? Lole. Amuna anga, a Kalisto, anali dalaivala wa lole ya a Mubarak, eni golosale ndi chigayo pamsika pathu, ndipo loleyo sinkalira ndi kiyi. Inkafuna mtsetse ndi mapewa a anthu. Ndiye a Kalisto atabwera kudzakhala chikamwini kwathu, anayendera mudzi wonse n'kusankha pamene lole ingagone itayang'ana kumunsi. Za mkazi wotunga madzi anaziganizira pambuyo, ngati anaziganizira n'komwe.

Loleyo tinkaitcha Mlamu, chifukwa aliyense ankaitukwana ndipo iyo sinkasunga mangawa. Akuti kale inali yobiriwira, koma ine ndinaidziwa ili ya mtundu wa dothi la kwathu. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu inkatsikira ku Mponela, n'kupitirira mpaka ku Mtengowanthenga kukasiya odwala kuchipatala cha mishoni, madzulo n'kubwerera ndi shuga, mchere, sopo ndi feteleza wa m'golosale. Mamawa a masiku amenewo pabwalo pathu pankadzaza: amayi a madengu a tomato, azibambo a mbuzi zomanga miyendo, odwala ofunda mabulangete mpaka kumutu. Ine ndinkasesa bwalo kawiri, asanabwere ndiponso atachoka.

Lamulo la a Mubarak linali limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse. Aliyense amene waika dzanja pa Mlamu pokankha, wakwera ndi thukuta lake, asafunsidwe kanthu. Amene anali nazo m'thumba ndipo sankafuna kudetsa malaya, monga aphunzitsi, ankalipira n'kukhaliratu pamwamba, ife n'kumawakankhira limodzi ndi lole tikuwanena. Enafe tinkakankha. Ndinaonapo mayi wapakati, masiku ake atakwana, ataika zala ziwiri pachitseko chakumbuyo akuyenda pang'onopang'ono, ndipo palibe anaseka. Naye anali atakankha basi.

Bambo anga, a Stephano, anali ndi ntchito yawoyawo. Iwo anali eni mwala. Buleki yam'manja ya Mlamu inali yosadalirika, choncho madzulo bambo ankabwera kudzaika mwala kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, mwala wakuda wosalala mbali imodzi umene anautola okha kumtsinje. Mamawa palibe ankaukhudza. Anthu akaima m'malo mwawo, bambo ankavula chipewa, kulavulira m'manja, n'kunena kuti, "Bwezani pang'ono!" Amuna ankakokera lole m'mbuyo kuti mwala umasuke, bambo n'kuusolola, kenako n'kukuwa kuti, "Tiyeni naye!"

Kuchoka pabwalo kukafika pamene mtsetse umayambira zenizeni ndi mapazi makumi atatu. Pamenepo ndi pamene pankatuluka thukuta. Lole ikayamba kuthamanga yokha tinkaima, wefuwefu, n'kumamvetsera. Ikafika pamtengo wa muwanga, a Kalisto ankasiya kilatchi. Mlamu ankagwedezeka, kutsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi wakuda woti nkhuku zonse balala. Tinkaomba m'manja ngati sitinazionepo, n'kutsika kukakwera, poti ankatidikira pamuwangapo akunjenjemera. Bambo akakhala ndi ulendo ankabwera pomalizira, mwala uli m'khwapa, n'kukhala kutsogolo pambali pa mkamwini wawo.

Awiriwa, mwa ulemu wa chipongozi, sankayang'anizana kapena kucheza ngati anthu wamba. Ankalankhulana kudzera mwa lole. Bambo ankati, "Mlamu lero wadzuka bwino," a Kalisto n'kuyankha akuyang'ana msewu, "Wadzuka bwino ndithu, akuthokoza mapewa." Nkhani zonse za pabanja, ngakhale za ukwati wa mwana wathu Hana, zinakambidwa motero, ngati akuuza chiwongolero.

A Mubarak anamwalira zaka zitatu zapitazo. Golosale, chigayo ndi lole zinatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Sadia, amene anaphunzira zamagetsi ku Lilongwe. Mwana ameneyu ndinamuona akukwawa kuseri kwa kauntala, koma lero akalankhula amuna a ndevu amatseka pakamwa. Nthawi yomweyo dizilo anayamba kuvuta. A Kalisto ankatha masiku atatu pamzere wa mafuta n'kubwerako ndi zigubu ziwiri. Sadia sanachedwe. Anayala masola padenga lonse la chigayo, anagwirizana ndi bungwe lina lothandiza amalonda kusiya magalimoto a utsi, ndipo chaka chatha mvula isanagwe pamsika panafika galimoto yoyera ya mabenchi ndi denga kumbuyo, yoyendera magetsi. Mlamu anamugula anthu a zitsulo zakutha. Anamudulira pabwalo pathu pomwepa, ine ndikuona. A Kalisto tsiku limenelo anapita kumunda, ngakhale kunalibe cholima.

"Anti, utsi umene tinkauombera m'manja uja ndi womwe ukusokoneza mvula," Sadia anandiuza tsiku lina ndikugula sopo. "Mayiko ambiri akusiya magalimoto a mafuta, ndipo akuti tifulumire nthawi isanathe. Ifeyo dzuwa tili nalo pakhomo. Tidikirenji?"

Za mvulazo sindingatsutse. Ndaona ndi maso anga chimanga chikufota mu Januwale, mwezi umene kale tinkadandaula matope. Ndipo ndinene zoona, galimoto yatsopanoyo ndi yabwino. Chifuwa chimene a Kalisto ankatsokomola chaka ndi chaka chinatha. Malaya awo ndimachapa kamodzi n'kuyera. Anyamata awiri a njinga zamoto pamsika anagula za batire, amatchaja kuchigayo komweko. Sadia anatsitsanso mtengo wokwerera. Palibe choipa chimene mwanayo anachita, ndipo mwina n'chifukwa chake zinkandipweteka kwambiri, poti ndinalibe womukwiyira.

Galimotoyo inkatchajidwa kuchigayo masiku opanda ulendo, madzulo a Kalisto n'kubwera nayo kumtunda kuno monga ankachitira ndi lole. Lolemba loyamba anthu anasonkhana ngati kale. Bambo anali ataika mwala wawo dzulo lake. Anavula chipewa, analavulira m'manja, anthu n'kuyala manja pachitsulo choyeracho mwamanyazi, kuopa kuchidetsa. A Kalisto anasuzumira pawindo, osayang'ana aliyense, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iyi akuti sifuna kukankha."

Bambo anawerama n'kugwira mwala. Unangotuluka, osalimba ngakhale pang'ono. Galimotoyo sinali itautsamira n'komwe. Amene anali ndi yolipira anakwera, galimoto n'kutsetsereka myaa, popanda kutsokomola, popanda utsi. Otsalawo anaima manja ali lende. Wina anaseka kaphwete kopanda chimwemwe, amayi anasenza madengu awo n'kuyamba ulendo wapansi. Bambo anavala chipewa n'kupita ndi mwala wawo kunyumba kwawo, kumunsi kwa mudzi. Anauika pakhonde, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankaukhalira akamaothera dzuwa.

Bwalo langa linakhala loyera. Ndinkadandaula zosesa, koma tsopano mamawa ndinkapezeka nditaima ndi tsache, ndikuyang'ana pansi popanda chosesa. Ndinawasowa anthu aja, ndi makoko awo a nzimbe omwe.

Mu Juni, mphepo ya mwera itayamba, miyendo ya bambo inatupa. Poyamba ankati ndi kuzizira. Kenako nsapato zinakana, ndipo akayenda kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe ankaima kawiri kufuna mpweya. Mlangizi wa zaumoyo atawaona, anadina chala pamwendo, dzenje n'kutsala pomwepo. Ananditengera pambali n'kundiuza kuti ukhoza kukhala mtima, ndipo sabata imeneyo isathe bambo asanaonedwe ndi adokotala.

"Bambo, Lolemba tikupita ku Mtengowanthenga," ndinatero nditagwada pakhonde.

"Pa chiyani?"

"Pagalimoto ya Sadia. Ndilipira ndine."

"Iwe Faines," anandiyang'ana ndi diso limene ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikaswa mbale, "ine ndine thumba la chimanga? Thumba ndi limene amalilipirira n'kuliponya pamwamba."

"Nanga mukalipira nokha? Ndikupatsani m'manja, palibe aone."

"Ndiona ine."

Ndinawauza za njinga yamoto. Anati sangakwere chinthu choti nkhalamba izikumbatira mwana wa eni m'chiuno. Sadia atamva, anabwera yekha ndi paketi ya shuga, anakhala pansi pamkeka n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Agogo, mpando wakutsogolo ndi wanu. Mukwere ulere, lero ndi masiku onse."

Bambo analandira shuga ndi manja awiri, anathokoza, kenako anati, "Mwanawe, bambo ako sanandikwezepo ulere ngakhale tsiku limodzi. Ankandilemekeza."

Sadia anabwerera nkhope itagwa. Lolemba linadutsa, galimoto inapita popanda ife. Masana ake bambo anatenga ndodo osauza munthu, akuti akafika kuchipatala ndi miyendo yawo monga ankachitira ali mnyamata. Anthu anawapeza kudambo atakhala pachulu, milomo itachita mbuu, n'kuwabweza pangolo. Ndinawakalipira, ine mwana wawo, mpaka anansi anatuluka. Ndinawauza kuti ali ndi liuma, kuti ulemu umene akuufunawo akaupeza kumanda. Iwo anangoti, "Wamaliza?" Ndinalowa m'khitchini mwawo n'kulira. Ndinkaopa kuti bambo anga afera pakhonde chifukwa cha mwala.

Lachiwiri masana a Kalisto anandiuza kuti ndiwaperekeze kumsika. Munthu ameneyu salankhula kawirikawiri, ndipo akati tiye umadziwa kuti walingalira sabata yonse. Tinapeza galimoto itaima kuseri kwa chigayo, chingwe chake chokhuthala chitalumikizidwa kukhoma, Sadia akupukuta fumbi pagalasi.

"Achemwali," a Kalisto anayamba, poti umo ndi mmene amamutchulira bwana wawo wamng'onoyo, "mawa mamawa ndikufuna galimoto ikane kulira."

"Ikane bwanji? Batire ikhala yodzaza."

"Ikane basi. Anthu aikankhe."

Sadia anaika kansalu pansi. "Ankolo, galimoto yamagetsi sailiza pokankha. Mulibe kilatchi umu, mulibe choti chigwire. Mungaikankhe mpaka ku Dzoole, palibe chingachitike."

"Ndikudziwa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa."

Apa m'pamene anamvetsa, ndipo sanakondwe. "Mukudziwa mmene anthu akuiyang'anira galimotoyi? A matola onse ku Mponela akudikira tsiku limene idzafe kuti aseke. Alipo awiri amene akuganiza zogula yawo. Mawa akamva kuti yamagetsi ija aikankha kumapiri, basi, abwerera kumzere wa dizilo. Agogo ndimawakonda, koma sindinganamize mudzi wonse."

A Kalisto anakanda kumutu, anayang'ana ine, anayang'ana tayala. Kenako anati, "Bambo anu ananamiza mudzi wonse zaka zoposa makumi awiri."

Ine ndi Sadia tinayang'anizana.

"Mlamu anali ndi sitata," anapitiriza. "Yatsopano, ya m'bokosi. Inagulidwa chaka cha njala chija, 2002, ndipo ndinaimanga ndekha ku Mponela. Nditabwera nayo lole ikulira ndi kiyi, bambo anu anandiitanira m'sitolo n'kutseka chitseko. Anati, 'Kalisto, chaka chino anthu alibe ngakhale chogulira mchere. Ndikanena kuti akwere ulere, ambiri sabwera chifukwa cha manyazi, akafera panjira ya kuchipatala. Kiyi uziipotokola kumene kulibe wa kwathu.' Njala inatha, iwo sananene kuti tisiye, inenso sindinafunse."

Chigayo chinkalira kumbali, koma ine m'makutu mwanga munali zii. Chimene chinabwera m'mutu mwanga choyamba si ubwino wa a Mubarak ayi. Ndi ndowa.

"Abambo a Hana," ndinatero, "mukuti lole ija inkalira ndi kiyi?"

"Eya."

"Kuyambira chaka cha njala?"

"Eya."

"Ndiye ine zaka zonsezi ndikukwera chitunda ndi madzi pamutu, khosi ili lopindikali, nkhani yake inali sewero? Tikanatha kumanga kudambo pafupi ndi chitsime ngati anthu?"

"Nyumba inali itamangidwa kale, amake Hana."

"Njerwa zinatha m'dziko muno?"

A Kalisto anayang'ananso tayala. Ndikanakhala ndi ndowa pamenepo ndikanawaveka kumutu. Ndinatembenuka kuti Sadia andithandize kukalipa, koma ndinamupeza atagwira nsonga ya mpango wake kumaso. Anakhala choncho kanthawi, mapewa akugwedezeka pang'ono.

"Sanandiuzepo," anatero pomaliza. "Ndinkawanena chaka chilichonse kuti ndi aumbombo, akulephera kugula kachitsulo kakang'ono. Ankangoseka." Anapukuta m'maso n'kuyang'ana galimoto yake yoyera ija. "Musanene kuti yafa, ankolo. Mawu amenewo ndisawamve. Muzinena kuti yazizidwa. Ndibwera ndekha mamawa."

Madzulo dzuwa lisanalowe a Kalisto anatsikira kunyumba kwa bambo, ine ndili pambuyo, ndikadali wokwiya. Anakhala chapatali, chammbali, monga achitira mkamwini, n'kulankhula akuyang'ana nkhokwe.

"Galimoto ija mphepo ya mwezi uno yaivuta. Mamawa ikumazizidwa. Ndipo buleki yake sindikuikhulupirira pamtunda paja."

Bambo nawonso anayang'ana nkhokwe yomweyo.

"Zinthu zatsopano zili choncho," anatero. "Zimaoneka bwino kunja."

Ananyamuka pamwala paja movutikira. Ndinafuna kuunyamula, anandimenya dzanja. Tinagwirizana zoti akwere ngolo ya anansi kukafika pamwamba, poti ngolo ndi ng'ombe, si chifundo cha munthu, ndipo mwalawo unakwera nawo pamiyendo. Anauika okha kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, n'kugona kwathu tsiku limenelo kuti mamawa asavutike. Ine ndinazungulira nyumba zingapo kunena kuti mawa galimoto ifuna mapewa. Sindinaonjezere kanthu.

Kunacha ndi nkhungu, mphepo ikuluma makutu. Ndinkaganiza kuti abwera anthu asanu. Nditatuluka ndi tsache ndinapeza bwalo ladzaza. Panali amayi a tomato amene ndinali ndisanawaone kumtunda kuno chichokereni Mlamu, panali a Paulo, nkhalamba ya diso limodzi imene inasiya kukatenga mankhwala ake miyezi ingapo, panali mtsikana wobereka mwana wotentha thupi. Amuna amphamvu anali ochepa, ambiri anali kudimba. Sadia anafika wapansi, atavala juzi pamwamba pa diresi lake lalitali, n'kuima kumbuyo pakati pa amayi ngati wina aliyense.

A Kalisto analowa m'galimoto, anadinadina zodina zawo, anapukusa mutu kuti aliyense aone, n'kusuzumira pawindo. "Yazizidwa!"

Bambo anatuluka m'nyumba atavala jekete la kutchalitchi ndi patapata, poti nsapato zinali zitakana. Kuchoka pakhomo kukafika patayala anaima katatu. Palibe anawagwira mkono, ngakhale ine amene manja ankandiyabwa. Anavula chipewa, analavulira m'manja, n'kugwada bondo limodzi. Anagwira mwala n'kukoka. Sunasunthe. A Kalisto anali atalola galimoto kuutsamira ndi kulemera kwake konse, ndipo ndinaona nkhope ya bambo ikusintha, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa pagulu.

"Bwezani pang'ono!" Mawu anatuluka osasa, koma anamveka.

Tinagwira mabenchi ndi zitsulo za denga n'kukoka. Kunena zoona, amayi asanu ndi awiri ndi nkhalamba ya diso limodzi sakanaibweza galimoto imeneyo. Koma inabwerera, pang'ono chabe, mwina utali wa chala. Ine ndinali pafupi ndi windo ndipo ndinaona phazi la amuna anga likugwira ntchito mwakachetechete. Mlamu sakanatha kuchita zimenezo osadzutsa mudzi wonse. Iyi inabwerera phee, ndipo aliyense anaganiza kuti ndi mphamvu zake.

Mwala unasololoka. Bambo anaukumbatira pachifuwa, anapuma kawiri katatu, n'kukuwa ndi mpweya wonse umene unatsala m'thupi mwawo.

"Tiyeni naye!"

Tinakankha. Mtsikana wa mwana uja anaika chikhatho chimodzi, a Paulo anatsamiritsa phewa n'kumatukwana galimoto ndi mawu omwe ankatukwanira lole, Sadia anakankha mano atalumana, mpango utasendera kumbuyo. A Kalisto sanatichitire chifundo, anatisiya tituluke thukuta mapazi onse makumi atatu. Kenako inayamba kuthamanga yokha, ife n'kuima wefuwefu, n'kumamvetsera monga mwa chizolowezi, ngakhale kunalibe choti timve. Itafika pamuwanga inagwedezeka kawiri, gwede gwede, hutala n'kulira. Tinaomba m'manja. Amayi ena analuluta. Utsi panalibe, nkhuku zinapitiriza kutola zawo.

Kuchoka pamwamba kukafika pamuwanga bambo anayenda okha, mwala uli m'khwapa, ndodo kudzanja lina. Zinatenga nthawi yoti munthu ukhoza kuphika tiyi. Tonse tinali titakwera kale, tikudikira, ndipo palibe anadandaula. Atafika anatsegula chitseko chakutsogolo ngati chawo n'kukhala. Ine anandiika pakati pa iwo ndi amuna anga, kuti ndiziwagwira m'mabampu.

Tinatsika mapiri, minda ya fodya yokolola kale ikudutsa mbali zonse, zigafa zili mbee. Mkati munali chete moti ndinkamva kupuma kwa bambo, kolemera, kokoka. Kumbuyo amayi anali atayamba kale kunena aphunzitsi awiri amene analipira. Titadutsa mlatho wachiwiri, bambo anasisita mwala pamiyendo pawo n'kulankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Galimoto lero yadzuka bwino."

"Yadzuka bwino ndithu," a Kalisto anayankha, "ikuthokoza mapewa."

"Koma iuzidwe kuti pogwedezeka isamafulumire. Ya kale ija inkagwira itapitirira muwanga pang'ono, pamene pali muzu. Iyi yagwedezeka isanafike. Anthu akhoza kuzindikira."

Chiwongolero chinagwedera m'manja mwa amuna anga. Ine ndinatembenuka kuyang'ana bambo, pakamwa pali yasa.

"Bambo, mukudziwa?"

"Tseka pakamwa, Faines, mulowa fumbi." Anapuma kaye. "Chaka chotsatira njala ija, ku Mponela, ndinapita kukagula misomali. Pobwera ndinamva Mlamu akulira yekha, popanda womukankha. Panali lole ina inkafuna malo, ndiye dalaivala wina anaiwala kuti ali ndi apongozi m'tauni. Ndinabwerera kuseri kwa sitolo, ndinaima pamenepo mpaka anazimitsa. Kenako ndinatuluka n'kukafuna anthu okankha."

"Osanena kanthu zaka zonsezi?"

"Ndinene kuti chiyani? Munthu wakukonzera njira yoti ukwere mutu uli m'mwamba, iwe ukamuyalutse? A Paulo akudziwa. Amayi ako ankadziwa. Ndimaganiza kuti mwina ndiwe wekha m'mudzi muno."

A Kalisto anatulutsa kamawu kamene sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira, ndipo mpaka ku Mponela sanachotse maso pamsewu. Ine ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo unakana kubwera. Ndinagwira dzanja la bambo, lozizira, lokhakhala, ndipo ulendo uno sanandimenye.

Ku Mtengowanthenga anawayeza n'kunena kuti agonekedwe. Adokotala anati tachita bwino kubwera sabata imeneyo, ndipo sanafune kunena zimene zikanachitika tikanachedwa. Hana anali atafika kale kuchokera ku Lumbadzi kumene amakhala, kuti adikirire agogo ake masiku oyamba. Anamwino atabweretsa zovala za m'chipatala anaona mwala pabedi n'kufunsa ngati ndi mankhwala achikuda. Bambo anati ayi, ndi chipangizo cha galimoto.

Nthawi yobwerera itakwana ndinawatsanzika. Anandikodola kuti ndiwerame, n'kundiika mwala uja m'manja. Unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Mawa madzulo ukauike," anatero. "Mbali yosalala iyang'ane pansi. Lachisanu kuli anthu ena ali ndi ulendo."

Galimoto inatsalira kuchigayo kuti mawa lake itchajidwe, ndipo Sadia anaona chimene ndinanyamula. Anangondipatsa kansalu kake kopukutira galasi kuti ndipinde nkhata. Ndinasenza mwala wa bambo pamutu n'kuyamba kukwera chitunda.